Kachigayo ka kuseri kwa nyumba: magalamu 10 atasanduka makilogalamu 17

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, nyengo imene malole odzaza mabelo a fodya amandandalika kudikira kulowa ku okushoni ya ku Chinkhoma, tebulo la matabwa linayenda lokha m'shedi ya kwathu. Linasuntha pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kukwawa, kenaka mwendo umodzi unathyoka, chitsulo cholemera kuposa thumba la chimanga n'kugwera pomwe mwana wanga wa zaka 6 anali ataima kamphindi kapitako. Panalibe ufiti pamenepa. Chomwe chinayendetsa tebulolo ndi fomula yomwe ine mwini ndimalemba pa bolodi chaka ndi chaka: F = mv²/r.

Ndimaphunzitsa Physics kuno ku Kasungu, digiri ya zauphunzitsi ndili nayo, ndipo mafunso a circular motion ndingawayankhe ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti kudziwa fomula pa pepala n'kwina, kukhala pansi n'kuigwiritsa ntchito usanayatse makina n'kwinanso. Lero ndikuuzani za kachigayo komwe ndinamanga kunyumba, zolakwa zitatu zomwe ndinachita, ndi masamu a mphindi zochepa omwe akanandipulumutsa ku zonsezo.

Zinayamba ndi nkhuku

Mayi akunyumba amaweta nkhuku zoikira mazira. Chakudya cha m'masitolo chitakwera mtengo, tinaganiza zomasakaniza tokha chimanga, madeya ndi soya. Soya kuno sasowa, poti alimi ambiri omwe kale ankadalira fodya yekha masiku ano amalimanso soya ndi mtedza. Timayamba tamukazinga, chifukwa soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya bwino mapuloteni m'mimba, ndipo kutentha kumaziwononga. Vuto linali pogayitsa. Chigayo chachikulu chili patali, ndipo kupempha mnyamata wa pachigayo kuti asinthe sefa chifukwa cha ndowa ziwiri za soya, amayi khumi ali pamzere ndi mphale yawo, kumakhala ngati ukuputa ndewu.

Pafupi ndi kwathu pali madala ena omwe anagwira umakaniko zaka zambiri pa esiteti ya fodya. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mulu wa zitsulo zakale, ndipo m'menemo ndi momwe munatuluka mota yomwe kale inkapopa madzi othirira nazale. Pa kachikwangwani kachitsulo komata pa motayo panalembedwa kuti 1.5 kW, 230 V, 50 Hz, 1,440 rpm. Ndalama zogulira motayo ndi zolipira wowotcherera zitsulo zinachokera ku masheya a mayi a ku banki m'khonde. Pondipatsa sanachulutse mawu.

"Bambo, pofika Disembala zibwerere. Ndi za feteleza zimenezo."

M'mimba mwa chigayo muli chiyani?

Ambiri mwakhala mukupita kuchigayo kuyambira muli ana, koma ndi ochepa amene anasuzumirapo mkati. Chigayo cha kwathu kuno sichipera ngati mphero. Chimamenya. Mkati mwa chibokosi chachitsulo muli shafuti yogona pa mabering'i awiri. Pa shafutiyo pali mbale zachitsulo zozungulira, ndipo m'mphepete mwa mbalezo mwadutsa timipini tomwe pamalendewera zitsulo zafulati zotchedwa mahamala. Shafuti ikazungulira, mahamala amatambasuka n'kumamenya njere mpaka zitaphwanyika mokwanira kudutsa pa mabowo a sefa yomwe ili pansi. Sefa ndi imene imalamula kusalala kwa ufa. Ya mabowo a 1 mm kapena kuchepera imatulutsa ufa wophikira nsima, ya 3 mm imatulutsa misere yabwino ku nkhuku.

Kanga kali ndi mahamala 16, anayi pa mpini uliwonse, ndipo hamala iliyonse ndi ya magalamu pafupifupi 150. Tinawadula ku masipuling'i akale a galimoto. Kuchokera pakati pa shafuti kufika kunsonga ya hamala ndi 15 cm. Tsiku lomwe tinamaliza kudula, madala aja anandiuza kuti:

"Aphunzitsi, mahamalawo muwaike pa sikelo musanamange. Oyang'anizana azilemera chimodzimodzi."

Ndinawayala pansi n'kuwayang'ana. Onse ankaoneka ofanana. Ndinati, "Ndamva, madala," koma sikelo sindinaikhudze. Musaiwale zimenezi, tibwererako.

Cholakwa choyamba: kuzungulira kokha sikukwanira

Poyamba ndinalumikiza mota ndi chigayo pogwiritsa ntchito lamba ndi ma pulley awiri ofanana, onse a 10 cm. Choncho shafuti inkazungulira mofanana ndi mota, ka 1,440 pa mphindi. Ndinathira chimanga. Chinangosweka pawiri patatu n'kumazungulira mkati ngati miyala m'chitini, pansi pa sefa pakugwa zochepa kwambiri.

Tisanapitirire, mudziwa chifukwa chake mota imalembedwa 1,440 osati nambala ina? Magetsi omwe timalandira, omwe ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amapita uku n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Ndiko kutanthauza kwa 50 Hz. Pa mphindi ndi ka 3,000. Mota yanga ili ndi ma pole anayi, kapena kuti mapeya awiri, ndiye mphamvu ya maginito mkati mwake imazungulira ka 3,000 ÷ 2 = 1,500 pa mphindi. Chitsulo chapakati chimathamangitsa mphamvu imeneyo koma sichingaipeze, chifukwa chitaipeza sipangakhalenso kusintha kwa maginito koyambitsa magetsi mkati mwake, ndipo chingasiye kukokedwa. Chimatsalira pang'ono. Ndiye 1,440.

Tsopano masamu omwe ndinayenera kuyambira. 1,440 pa mphindi ndi maulendo 24 pa sekondi. Ulendo umodzi nsonga ya hamala imayenda 2πr, womwe ndi 2 × 3.14 × 0.15 = 0.94 m. Liwiro lake ndi 0.94 × 24, pafupifupi 23 m/s. Zigayo zamahamala zimagaya bwino nsongazo zikamathamanga mamita 60 kapena kuposerapo pa sekondi. Ine ndinali ndisanafike ngakhale theka.

Mphamvu yomwe imaphwanya njere imatsata kinetic energy, ½mv². Taonani kachiwiri kali pamwamba pa v ko. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu ka 9. Choncho mankhwala ake sanali kuwonjezera mahamala kapena kuwalemeretsa, koma kuwathamangitsa.

Ndinasintha ma pulley: wa 20 cm ku mota, wa 8 cm ku chigayo. Lamba amayenda liwiro limodzi ponseponse, ndiye pulley wamkulu akazungulira kamodzi, wamng'ono amazungulira 20 ÷ 8 = 2.5. Shafuti inafika 1,440 × 2.5 = 3,600 rpm, maulendo 60 pa sekondi. Nsonga za mahamala zinafika pafupifupi 57 m/s, omwe ndi makilomita oposa 200 pa ola. Mphamvu ya kumenya inakwera ka 2.5 × 2.5 = 6.25. Chimanga chinasanduka misere m'kanthawi kochepa, ine n'kuyamba kudzitama.

Pulley sapatsa zaulere

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amakodwa pa mayeso a MSCE. Pulley sawonjezera power. Mota ya 1,500 W ikhalabe ya 1,500 W ngakhale mutaimangirira ma pulley khumi. Zomwe mwapindula pa liwiro mwalipira ndi torque, mphamvu yopotokola ija imene mumamva m'dzanja pomasula nati ndi sipanala.

Power ndi torque kuchulukitsa ndi liwiro la kuzungulira, P = Tω. Maulendo 24 pa sekondi ndi 24 × 2π, pafupifupi 151 rad/s. Ndiye torque ya mota yanga ndi 1,500 ÷ 151, pafupifupi 10 N m. Ikafika ku shafuti ya chigayo yothamanga ka 2.5, imatsala 4 N m basi, n'kuchotsaponso yotayika pa lamba ndi m'mabering'i.

Funsani wa kabaza aliyense. Giya yothamanga ndi yokoma pa chigwa cha Kasungu pomwe msewu uli tha-tha-tha, koma pachitunda imakuimitsa. Jeke yodindira mabelo a fodya imachita zosiyana nazo: mumazungulira nayo maulendo ambiri, iyo n'kutsika pang'ono pokha, koma ikufinya ndi mphamvu yomwe anthu khumi sangafike. Makina onse amasinthanitsa mtunda ndi mphamvu, palibe amalenga.

Pa kachigayo kanga izi zikutanthauza kuti ndikathira chimanga chambiri nthawi imodzi, kamatsamwa. Ndinaika kachitseko kachitsulo kotsetsereka pakhosi pa fanulo kuti njere zizilowa pang'onopang'ono. Khutu ndi lomwe limandiuza: kulira kwa mota kukayamba kutsika, ndimachepetsa.

Cholakwa chachiwiri: magalamu 10

Tsopano tibwerere ku Loweruka lija. Ndi ma pulley akale chigayo chinkanjenjemera pang'ono, ine n'kumati makina onse amatero. Ndi ma pulley atsopano tebulo linayamba kuvina, malata a padenga n'kumalira. Mwana wanga anabwera kudzaonerera ataima pafupi ndi tebulo. Mayi ake anamuitana kuti akatenge mchere, iye n'kuthamanga, ndipo asanafike n'komwe pakhomo la khitchini mwendo wa tebulo unathyoka. Ndinazimitsa magetsi manja akunjenjemera. Usiku umenewo nsima sinatsike.

Lolemba ndinamasula mahamala onse n'kupita nawo ku labu ya kusukulu. Ana a Fomu 4 ndi amene anawayeza pa sikelo, ndipo ena mwa inu amene mukuwerenga munalipo. Mahamala anayi a mpini umodzi analemera 605 g, a mpini woyang'anizana nawo 595 g. Kusiyana kwake 10 g, kulemera kwa masupuni awiri a tiyi a madzi.

Chinthu chilichonse choyenda mozungulira chimafuna kupita molunjika, ndipo kuti chikhote pamafunika mphamvu yochikokera pakati, centripetal force, F = mv²/r. Mpini umakoka hamala, hamala nayo imakoka mpini ndi mphamvu yofanana. Mbali ziwiri zikalemera chimodzimodzi, kukokanaku kumathetsana. Zikasiyana, chotsalacho chimapita ku shafuti, ku mabering'i, mpaka ku tebulo.

Pakatikati pa kulemera kwa hamala pali pa mtunda wa 0.12 m kuchokera pa shafuti. Pa maulendo 60 pa sekondi, malo amenewo amathamanga 2 × 3.14 × 0.12 × 60, pafupifupi 45 m/s. Ndiye F = 0.010 × 45 × 45 ÷ 0.12, pafupifupi 170 N. Kumeneko ndi kulemera kwa makilogalamu 17, ndowa ya malita 20 yotsala pang'ono kudzaza madzi. Ndipo mphamvu imeneyi siima malo amodzi. Imakankhira kumwamba, kutsogolo, pansi, kumbuyo, ka 60 pa sekondi iliyonse. Ndi ma pulley akale inali 27 N yokha, n'chifukwa chake sindinailabadire. Kachiwiri komwe kanandipatsa ufa ndi komwekonso kanathyola tebulo.

Chitani masamu omwewo pa hamala yathunthu ya 150 g, mupeza pafupifupi 2,500 N. Hamala imodzi imakoka mpini wake ngati matumba 5 a chimanga a makilogalamu 50. Mahamala anayi, tani yathunthu. N'chifukwa chake mpini wa chigayo sungakhale msomali kapena chitsulo chomangira nyumba, ndipo chibokosi chake sichingakhale cha lata lopyapyala.

Kukonza kwake kunali kwa tupa ndi kudekha. Tinapala mahamala olemera mpaka mizere yoyang'anizana inasiyana ndi osafika galamu imodzi. Shafuti ndi mbale zake, popanda mahamala, tinazigoneka pa zitsulo ziwiri zowongoka zoikidwa pa levulo. Mbali yolemera imagudubukira pansi nthawi zonse, ndiye tinkaipala pang'onopang'ono mpaka shafuti inkaima paliponse pomwe taisiya. Tebulo la matabwa linapita kukhitchini kukakhala nkhuni. M'malo mwake tinathira konkire, n'kumizamo mabawuti anayi, ndipo pakati pa konkire ndi miyendo ya chigayo tinaika zidutswa za tayala.

Chinthu china chomwe mungachione pa chigayo chilichonse: chikamazima, liwiro likutsika, pamafika kamphindi komwe chimagwedezeka kwambiri kuposa pamene chimathamanga, kenaka n'kukhalanso bata. Imeneyo ndi resonance. Pa kamphindi ako kuzungulira kwa shafuti kwafanana ndi liwiro lomwe miyendo ya makinawo imagwedezekera mwachibadwa, ngati mmene katungwe amakwerera mukamamukankha pa nthawi yake.

Madala aja atabwera kudzaona konkire anangoseka. "Mawu a akulu amakoma akagonera, aphunzitsi." Ndinalibe choyankha.

Cholakwa chachitatu: chingwe chotchipa

Shedi yathu, momwe eni nyumba akale ankasankhiramo fodya, ili mamita 40 kuchokera kunyumba. Magetsi ndinkawakoka ndi chingwe chopyapyala cha pamsika, cha waya wa 0.75 mm². Wailesi ndi foni chinkatha bwinobwino. M'mwezi wa Julayi magetsi anazima ndili mkati mogaya, chimanga n'kutsalira m'chigayo. Atabwerera ndinangoyatsa osachotsa. Mota inang'ung'udza osanyamuka, masekondi angapo, kenaka fungo la vanishi wopsa ndi utsi.

Tiyeni tione chomwe chinachitika. Waya wa kopa wotalika 1 m, wonenepa 1 mm², ali ndi resistance ya pafupifupi 0.0175 ohm. Magetsi amapita ndi waya mmodzi n'kubwerera ndi wina, ndiye mamita 40 ndi mamita 80. R = 0.0175 × 80 ÷ 0.75, pafupifupi 1.9 ohm. Mota yanga ikamagwira ntchito imakoka pafupifupi 10 A. Mwa lamulo la Ohm, V = IR, ma volt 19 ankathera m'njira. Ndipo P = I²R ikutiuza kuti 190 W inkangotenthetsa chingwe. Ndinkamva kuti chikutentha ndikachigwira, koma sindinafunse chifukwa chake.

Zoopsa zili ponyamuka. Mota yamtunduwu ikamayamba imakoka magetsi ochuluka ka 5 kapena kuposa. Powerengera mwapamwamba, 50 A pa 1.9 ohm ndi ma volt oposa 90 otayika. Mota inkalandira pafupifupi 140 V m'malo mwa 230 V. Torque ya mota imatsatanso kachiwiri, V², ndiye inatsala pang'ono kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Mota ya magetsi a m'nyumba ili ndi koyilo yapadera yonyamulira, yothandizidwa ndi capacitor, yomwe imayenera kugwira ntchito masekondi ochepa chabe. Mota ikatenga liwiro, kaswitchi ka mkati kamatseguka n'kuichotsa. Yanga sinatenge liwiro, kaswitchi sikanatseguke, koyilo n'kupsa.

Ndinakwera nayo minibasi makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe kwa okulunga mamota. Pobwerako ndinachita zomwe ndinayenera kuchita pachiyambi: ndinaitana katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Anakoka kebulo ya 4 mm² m'paipi ya pansi. Resistance inatsika kufika 0.35 ohm, ma volt otayika 3.5 okha. Anaika breaker yakeyake, chozimitsira chachikulu pafupi ndi khomo, ndi kachipangizo komwe kamadula magetsi akangothawira kwina okwana 30 mA. Waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, anamumangirira ku thupi la mota ndi ku chibokosi cha chigayo. Ntchito ya waya ameneyu ndi kupatsa magetsi njira yosavuta yopitira pansi ngati waya wamoto wakhudza chitsulo, kuti asadzere mwa munthu. Chingwe changa chakale chinalibe n'komwe.

Lamulo la m'shedi tsopano ndi ili: chigayo chimayatsidwa chopanda kanthu, chimazimitsidwa chopanda kanthu. Magetsi akazima pakati, timayamba tazimitsa chozimitsira chachikulu, kenaka n'kutsegula ndi kuchotsa zonse.

Foni inagwira wakuba

Mota itabwerera, chigayo chinkagaya koma mochedwa kuposa mmene masamu ankanenera, ndipo pulley wamng'ono ankatentha. Ulendo uno sindinathamangire kukagula kanthu. Ndinayeza.

Ndinalemba mzere wa choko pa pulley aliyense, n'kujambula kanema wa slow motion ndi foni yojambula zithunzi 240 pa sekondi, nditaima patali. Pulley wa ku mota ankatenga zithunzi 10 pa ulendo umodzi, kutanthauza maulendo 24 pa sekondi, monga zinalembedwera. Wa ku chigayo anayenera kutenga zithunzi 40 pa maulendo 10. Ankatenga 46. Ndiye 240 × 10 ÷ 46 ndi maulendo 52 pa sekondi, osati 60. Lamba ankaterereka, ndipo mphamvu yotayikayo inkasanduka kutentha chifukwa cha kukhulana.

Lamba wa V sagwira ndi pansi pake, amagwira ndi m'mbali, ngati mphero ya nkhuni yolowa mumng'alu. Akakhwefuka kapena akatha n'kufika pansi pa ngalande, amaterereka. Tinaboola mabowo ataliatali pa chitsulo chokhalapo mota kuti izitha kusuntha n'kukoka lamba. Osakoka mopyola muyezo, chifukwa pamenepo mabering'i ndi amene amafa. Tinatambasula chingwe m'mbali mwa ma pulley onse awiri kuti akhale pa mzere umodzi.

Pomasula ndinapezanso kuti kabawuti komwe kankagwira pulley kanali katakanda shafuti kuzungulira. Nayenso pulley ankaterereka pa shafuti. Mankhwala ake ndi kiyi: kachitsulo kamakona anayi komwe theka lake kamalowa mu ngalande ya pa shafuti, theka lina mu ngalande ya m'pulley. Pa shafuti ya 25 mm, kiyi yake ndi ya 8 mm m'lifupi. Ngalande imeneyo sungaidule ndi sowo. Ulendo wachiwiri wa ku Lilongwe unandionetsa makina ena omwe pa Chingerezi amatchedwanso milling machine, koma osagaya chimanga. Amasema zitsulo. Chitsulo chimamangidwa pa tebulo loyenda ndi zopukusa zamanja, pamwamba pali mpeni wozungulira womwe umadya pang'onopang'ono, ndipo mmisiri amawerenga timizere toonetsa kusuntha kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Mtsikana amene anasema shafuti yanga anati anaphunzira ntchitoyo ku koleji ya zaluso kudzera ku TEVETA. Asanayatse makina anawerengera liwiro la mpeni pa kapepala, ndi 2πr yomweyi.

Zing'onozing'ono zomwe si zazing'ono

Lamba ndi ma pulley tsopano zili m'kakhola ka waya wa sefa. Lamba wanga amathamanga mamita 15 pa sekondi. Akagwira malaya kapena chitenje, munthu alibe nthawi yoti aganize.

Pakhosi pa fanulo ndinamata maginito ochokera ku sipika yakale. Sabata yoyamba anagwira misomali iwiri ndi kawaya. Msomali ukakumana ndi hamala yothamanga makilomita 200 pa ola umang'amba sefa, ndipo umathetheka moto. Fumbi la ufa likadzaza mumpweya limayaka mwadzidzidzi, chifukwa kanjere kalikonse kazunguliridwa ndi oxygen mbali zonse. M'chaka cha 1878 chigayo chachikulu cha tirigu chotchedwa Washburn A mumzinda wa Minneapolis ku America chinaphulika chifukwa cha fumbi lotere, anthu 18 n'kufa. M'shedi mwanga simulowa nyali, mbaula kapena ndudu, mazenera amakhala otsegula, ndipo potulukira ufa pali thumba la nsalu lomwe limatulutsa mpweya n'kusunga fumbi.

Ndimavala chotchinga kukamwa ndi mphuno, komanso zotseka m'makutu. Phokoso lopitirira 85 dB kwa maola ambiri limawononga timaselo ta mkati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso.

Chimanga chiyenera kuuma, chinyezi chisapitirire 13 peresenti. Chonyowa sichisweka, chimangophwatalala n'kutseka sefa, ndipo ufa wake umachita chuku. Poyesa, ikani njere m'botolo louma lagalasi, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Ndipo ana salowa m'shedi chigayo chikulira. Ndinaika loko.

Disembala atafika

Lero kachigayo kamagaya ndowa ya chimanga cha nkhuku m'mphindi zosakwana 10. Ndikaika sefa ya ufa kamatenga pafupifupi mphindi 20, mita n'kudya osafika yuniti imodzi. Paja yuniti imodzi ndi 1 kWh, makina a 1,000 W akugwira ntchito ola lathunthu. Nkhuku zikuikira.

Koma ndalama za feteleza zinaperewera. Kukulungitsa mota, kebulo yatsopano ndi maulendo awiri a ku Lilongwe zinadya zomwe ndinasunga. Amene mwakhala mukundifunsa kuti, "Sala, njinga ija ili kuti?" yankho ndi limeneli: ndinagulitsa. Chingwe chotchipa chija ndi chomwe chikundiyendetsa wapansi mpaka pano.

Kuno ku Kasungu timanyadira William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, amene ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotola. Anthu amakumbukira zitsulozo ndi njinga ya bambo ake. Amaiwala kuti asanatole chitsulo chilichonse anakhala mu laibulale ndi buku la Using Energy, akutsata zithunzi zake mpaka atamvetsa. Ine ndinayamba ndi zitsulo, buku n'kubwera pambuyo, ndipo mwaona mtengo wake.

Sindikukuuzani kuti mukamange chigayo. Makina ozungulira ka 3,600 pa mphindi ndi magetsi a 230 V amapha, ndipo ntchito imeneyi imafuna mmisiri ndi katswiri wa zamagetsi. Ntchito yanu ndi iyi. Mukatumidwa kuchigayo, pitani ndi rula ndi kope. Chikakhala chozimitsidwa, ndipo mwini wake wavomera ataima pomwepo, werengani kachikwangwani ka pa mota n'kufunsa kukula kwa ma pulley. Kenaka werengerani nokha liwiro la shafuti. Yesaninso mafunso awa:

1. Mota ya 2,880 rpm ili ndi pulley wa 12 cm, chigayo chili ndi wa 9 cm. Shafuti ikuzungulira kangati pa mphindi? Ngati nsonga ya hamala ili 18 cm kuchokera pakati, ikuthamanga mamita angati pa sekondi?

2. Pa chigayo chomwecho, mbali imodzi yalemera ndi 5 g kuposa inzake, pa mtunda wa 15 cm kuchokera pakati. Mabering'i akumva mphamvu yochuluka bwanji?

3. Chingwe cha mamita 25, cha waya wa kopa wa 1.5 mm², chikunyamula 12 A. Ndi ma volt angati akutayika, ndipo ndi ma watt angati akusanduka kutentha?

Onetsani njira yonse, musaiwale ma unit, ndipo pa funso lachitatu kumbukirani kuti magetsi amapita n'kubwerera. Mayankho tidzaonera limodzi sabata yamawa.